Ukwati uli Loweruka, alendo akhala masiku 9: tikawaonetse kuti malo a mbiri yakale?

NaBanda, Area 25:
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru. Mwana wa achemwali anga akukwatiwa Loweruka lina mu Ogasiti muno mu Lilongwe, kutchalitchi 8 koloko m'mawa, madyerero 1 koloko masana. Achimwene athu a ku Johannesburg akubwera ndi alamu komanso ana atatu a zaka 15, 11 ndi 6. Atera pa bwalo la ndege la KIA Lachiwiri, abwerera Lachinayi la sabata yotsatira. Akufuna anawo aone malo a mbiri ya kwathu, osati kunyanja kokha. Tonse pamodzi ndi agogo tikhala anthu 9, galimoto ziwiri: Sienta ndi pikapu ya double cab. Tiyambire pati? Ndipo tipite ukwati usanachitike kapena utatha?

aPhiri, Kawale:
Tisanafike pa za malo, mayi, achimwene anuwo kwa mkwatibwi ndi amalume. Unkhoswe uli pa iwo?

NaBanda, Area 25:
Eya, ndiwo ankhoswe aakulu a kuchikazi. Pa chinkhoswe anawaimirira amalume aang'ono, koma pa ukwati akhala okha.

aPhiri, Kawale:
Ndiye za ulendo wokagona kutali ukwati usanachitike muiwaliretu. Kuyambira Lachinayi, nkhoswe sakhalanso mwini nthawi yake. Pali msonkhano womaliza wa komiti, pali kukaonana ndi akuchimuna pakuti pa chinkhoswe sanakumane nawo maso ndi maso, ndipo zimenezo sizichitikira pa foni. Lachisanu masana kuli rehearsal kutchalitchi, komwe abusa kapena ansembe amafuna kuona ankhoswe a mbali zonse ziwiri, aliyense adziwe poima ndi posaina. Usiku wake ndi wa malangizo. Inunso ngati mayi aang'ono a mkwatibwi mudzakhala mukufunidwa paliponse, kukhitchini, kwa telala, kolandira alendo ochoka kumudzi.

Lamulungu nalonso musaliwerengere. Banja latsopano limakaonekera kutchalitchi, komiti imawerengera ndalama za perekaniperekani ankhoswe ali pomwepo, mipando ndi mapoto obwereka zimabwezedwa, alendo amaperekezedwa kudepoti. Masiku anu enieni ndi Lachitatu loyambalo, lomwe ndi la muno m'tauni, kenako Lolemba mpaka Lachitatu ukwati utatha. Lachitatu lomalizalo mukhale mwafika ku Area 25 kusanade, chifukwa mawa lake kuli ndege.

NaJere, Biwi:
Ndikugwirizana nanu pa masiku, aPhiri, koma pali vuto lomwe simunalitchule. Ukwati ukatha m'matumba mumakhala mopanda kanthu. Maulendo ambiri oikidwa pambuyo pa ukwati amafera pomwepo. Lachisanu madzulo wina amabwera nkuti nkhuku zaperewera, wina nkuti a tenti akufuna ndalama yotsala asanamange, ndipo aliyense amayang'ana kwa malume wa ku Joni. Iye sangakane.

Chochita ndi ichi: ndalama ya ulendo ichoke m'manja ukwati usanafike. Malo ogona ku Dedza ndi ku Senga Bay lipiranitu dipoziti sabata ziwiri zisanakwane, musunge uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba ngati umboni. Ya mafuta ndi chakudya cha m'njira iikidwe mu envelopu, asunge munthu yemwe sali m'komiti. Galimoto zonse ziwiri zidzagwira ntchito ya ukwati, choncho thanki yomwe mwadzaza Lachinayi pofika Lamulungu idzakhala itatha. Mudzazenso Lamulungu masana, osati Lolemba m'mawa, kuti ngati pali mizere pamalo omwetsera mafuta mudziwiretu nkusintha mapulani.

aMwale, Area 49:
Za Lachitatu la m'tauni ndiyankhe ine. Malo atatu ali moyandikana ku City Centre ndipo maola atatu akukwanirani.

Yambani ndi chiliza cha Kamuzu, chomwe chinatsegulidwa mu 2006, iwo atamwalira mu Novembala 1997. Ana akawerenge okha nsanamira zinayi zija: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Wamkulu wa zaka 15 uja mumuuze mbali zonse ziwiri, kuti munthu ameneyu anatsogolera dziko ku ufulu mu 1964, anasamutsa likulu kuchoka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, komanso kuti ulamuliro wake unali wa chipani chimodzi ndipo anthu ambiri anatsekeredwa osazengedwa mlandu, mpaka referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Agogo anakhalamo m'nthawi imeneyo, muwasiye afotokoze okha.

Nyumba ya Malamulo ili pafupi pomwepo, inatsegulidwa mu 2010. Mungoiona kunja, kulowa mkati kumafuna kupempha pasadakhale. Kenako mupite ku chipilala cha chikumbutso cha asilikali cha ku Area 18, komwe kuli maina a omwe anafera ku nkhondo ndi chiboliboli cha Kamuzu kutsogolo kwake. Pamwamba pa chipilalacho mzinda umaoneka bwino, Capital Hill yonse ili poyera, koma masitepe ndi ambiri ndipo kumtunda ndi opapatiza. Agogo ndi wamng'ono wa zaka 6 atsale pansi. Malo onsewa mumapeza munthu wokuonetsani, mukonzeretu kangachepe komuthokozera.

Pitani m'mawa, cha m'ma 9. Masana akhale a telala.

NaJere, Biwi:
Za telalazo ndi zoona, ndipo ndi pomwe alendo ochoka kunja amagwira njakata. Ngati pali nsalu ya yunifolomu ya kuchikazi, ipite kwa telala tsopano, osadikira kuti afike. Diresi lalitali la mayi limadya mamita 4, shati ya bambo mamita 2, mtsikana wa zaka 11 mamita 2 kapena 3 malinga ndi sitayilo. Miyeso atumize pa WhatsApp, koma anene poyera ngati ndi mainchesi kapena masentimita. Atelala athu ambiri amayeza mainchesi, pomwe tepi ya ku South Africa munthu amawerenga mbali ya masentimita. Ndi bwino ajambule chithunzi tepi ili pathupi. Muwauze atelala asiye nsalu yokwanira m'misoko ya m'mbali, chifukwa chovala chachikulu chimabwezedwa pa mphindi 20, koma chothina chopanda nsalu mkati chilibe mankhwala. Kuyesa kukhale Lachitatu, kukatenga Lachinayi. Lachisanu telala aliyense amakhala ndi maukwati atatu pamakina, ndipo magetsi akathima aini ndi ovaloko zimaima.

aMbewe, Likuni:
Ulendo wa masiku atatuwo ndikanauzungulitsa chonchi, kuti musadutse msewu umodzi kawiri. Lolemba: Lilongwe kupita ku Dedza pa M1, makilomita pafupifupi 85, kukaona zojambula za pamiyala za Chongoni, nkugona pa boma. Lachiwiri: kutsika Khwekhwerere kukafika pa Golomoti, kukhotera kumanzere pa M5 kupita ku Mua, madzulo kukagona ku Senga Bay. Lachitatu: m'mawa kunyanja, masana kubwerera pa M14 kudzera ku Mvera. Msewu umenewu umatulukira ku Kanengo, ndiye kwa inu a ku Area 25 mwafika kale pakhomo osalowa m'tauni.

Za Chongoni ndifotokoze bwino, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti ndi malo amodzi okhala ndi geti. Ayi. Ndi malo 127 omwazikana m'mapiri a dera lonselo, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006. Omwe alendo amafikako kawirikawiri ndi atatu: Mphunzi, Chentcherere ndi Namzeze. Chentcherere ili mbali ya ku koleji ya zankhalango ndipo siyovuta kufikako. Namzeze ndi yokwera phiri nthawi yaitali, kwa agogo ndi mwana wamng'ono siyoyenera. Mphunzi ili kumadzulo kwa M1, msewu wafumbi, koma ndi komwe mumaona zojambula zingapo pamalo oyandikana. Mukakhala ndi tsiku limodzi, sankhani Mphunzi m'mawa, Chentcherere masana ngati mphamvu zilipo.

Zojambulazo zili mitundu iwiri ndipo ana aphunzire kuzisiyanitsa. Zofiira ndi zakale kwambiri: mizere, timadontho, zozungulira zina mkati mwa zinzake. Zimenezo ndi za Akafula, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso omwe Achewa anawapeza kuno. Zoyera ndi za alimi Achichewa, zopakidwa ndi chala pogwiritsa ntchito dothi loyera. Zina zimaoneka ngati nyama yotambasula miyendo mukuiyang'anira pamwamba, ndipo zimenezo zimakhudzana ndi chinamwali cha atsikana. Zina ndi zilombo za Nyau. Pena mupeza zoyera zitapakidwa pamwamba pa zofiira, ndipo apo mwana amaona yekha kuti ndani anayamba kufika.

NaPhiri, Area 36:
Ndionjezere pa za Chongoni. Musapite nokha. Mapanga ake alibe zikwangwani zokwanira ndipo mukhoza kudutsa pafupi ndi mwala osadziwa kuti kuseri kwake kuli zojambula. Pezani wokuonetsani wa m'deralo kudzera kwa a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale kapena pamalo omwe mwagona ku Dedza, mugwirizane mtengo musananyamuke.

Ana muwauziretu zinthu zitatu. Asagwire, chifukwa thukuta ndi mafuta a m'manja zimadetsa utoto ndipo loyera lija limanyenyeka. Asathire madzi pamwala kuti chithunzi chioneke bwino, chizolowezi chimenechi ndi chomwe chafufuta zojambula zambiri. Asalembe maina ndi makala kapena choko. Ku Chentcherere mukaona nokha mmene zolembalemba za anthu zawonongera malo.

Komanso wokuonetsaniyo akafika pa zojambula za chinamwali ndi Nyau nkungonena pang'ono, musamukakamize. Sikuti sakudziwa. Zina sizinenedwa pagulu losakanikirana, pali ana ndi amuna. Agogo musawasiye kuloji, ena mwa malowa ali m'munsi mwa phiri ndipo akhoza kufikako pang'onopang'ono ndi ndodo. Adzukulu akamva kwa agogo awo kuti zinthu izi ndi za makolo awo, zimawalowa mosiyana ndi kumva kwa mlendo.

NaBanda, Area 25:
Zikomo kwambiri. Nanga Sienta ikafika ku Mphunzi? Ndi yotsika kwambiri.

aGama, Area 23:
Mu Ogasiti kouma ikafika, bola musaidzaze. Katundu yense apite mu pikapu, Sienta itenge anthu anayi okha, pikapu asanu. Chomwe chimapweteka galimoto zotsika m'misewu yafumbi ndi mtumbira wa pakati, pomwe matayala a ngolo ndi malole anakumba mbali zonse ziwiri. Woyendetsa aziyika tayala limodzi pamtumbirapo, osaupanira pakati, chifukwa mwala ukagunda sampu, chosungira oilo kunsi kwa injini, oiloyo amatha pa mphindi zochepa ndipo injini imagwira. Mukamva kugunda kwamphamvu pansi, imani, yang'anani ngati pakudontha. Ana musawakweze kumbuyo kwa pikapu pa M1 ngakhale atapempha.

Musananyamuke onani izi pa galimoto zonse ziwiri: COF ndi inshuwalansi kuti sizinathe, laisensi ya woyendetsa, matrayango awiri, chozimitsira moto, sipeya yokhala ndi mpweya, jeke ndi sipanala ya matayala yomwe ikukwanadi pa manati a galimotoyo. Achimwene anu ngati adzayendetseko, laisensi yawo ikhale m'thumba, osati chithunzi cha pa foni. Pa Nathenje, Kamphata, Linthipe ndi Chimbiya tsikani pa 50, ndi malo a malonda, anthu ndi akabaza amadutsa paliponse ndipo apolisi apamsewu amakonda kuima pomwepo ndi kamera. Ku Dedza pa M1 pali toll gate ya Kalinyeke, ndalama zing'onozing'ono zikhale pafupi.

Koma chomwe ndikufuna mumvetsetse ndi Khwekhwerere. Mukachoka pa boma la Dedza mudutsa Bembeke, nkukhotera kumanzere pa Masasa. Kuchokera apo msewu umatsika kuchoka kumapiri mpaka kuchigwa cha kunyanja, makona okhaokha. Ndi wa tala ndipo malo ake ndi okongola, koma woyendetsa akatsika ataponda buleki njira yonse, mapadi amatentha, mafuta a mabuleki amawira, ndipo pedulo imangolowa pansi osagwira. Galimoto ya otomatiki ichoke pa D, iikidwe pa giya yotsika, kaya pa galimoto yanu palembedwa S, B kapena L. Ya manyuwo itsike pa giya 2. Injini ndiyo igwire galimoto, buleki muziponda mwamphamvu pang'ono nkusiya, osati kuigoneka phazi. Mukamva fungo la kupserera, imani pamalo otakasuka, dikirani mphindi 30. Musathire madzi pa madisiki otentha, amapindika. Pikapu izikhala kutsogolo, Sienta pambuyo patali ndithu.

Ana adye mopepuka m'mawa umenewo, tiyi ndi buledi basi, ndipo majumbo akhale pafupi. Makona aja amasanzitsa, makamaka wokhala mpando wakumbuyo akuyang'ana pa foni.

NaPhiri, Area 36:
Ndipo ku Dedza mutenge majuzi. Boma lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, m'mawa wa Ogasiti kumazizirabe kwambiri. Agogo muwafunsire bulangete lachiwiri. Mukatsika Khwekhwerere ola limodzi lomwelo mupeza kukutentha, ndiye valani zovula mosavuta.

aMbewe, Likuni:
Ku Mua ndi komwe ana akamvetse zomwe aona pamiyala dzulo lake, nchifukwa chake ndaika Chongoni patsogolo. Mishoni ya Mua inayambitsidwa mu 1902 ndi ansembe a White Fathers. Malo a zachikhalidwe a Kungoni anawayambitsa Bambo Claude Boucher a ku Canada mu 1976, omwe anthu a kumeneko anawapatsa mfunda wa Chisale. Mkati mwake muli nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare, ya zipinda zitatu, yofotokoza za mishoniyo komanso moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa, chinamwali, ukwati mpaka maliro. Chipinda cha Gule Wamkulu chili ndi zigoba mazanamazana. Pakhoma lakunja pali zojambula za mbiri ya dziko lino, muyambire pamenepo musanalowe.

Poti mudzakhala mutangochoka ku ukwati, pemphani wokuonetsani adekhe pa gawo la ukwati wa Achewa. Ana akaone kuti unkhoswe womwe bambo awo anagwira Loweruka unachokera kuti, chifukwa chake malume ndiye mwinimbumba, ndi kusiyana kwa chikamwini ndi chitengwa. Kwa Angoni nkhani yake ndi ina, ya malowolo, ndipo zili m'nyumba yomweyo moti kufananiza nkosavuta.

Imbani foni dzulo lake kuti mukubwera anthu 9, ndipo munene chilankhulo chomwe ana amamva bwino. Ikani maola awiri a mkatimo, lina la kukaona tchalitchi, osema ziboliboli ndi kudya. Za kujambula zithunzi mkati funsani kaye. Wa zaka 6 uja akhoza kuchita mantha ndi zigoba, wamkulu mmodzi akhale wokonzeka kutuluka naye. Mukachoke pa Mua isanakwane 3 koloko, chifukwa kukafika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 60 kudzera Mtakataka ndi Chipoka, kenako ena pafupifupi 20 kukafika ku Senga Bay, ndipo M5 si msewu woyenda usiku.

aPhiri, Kawale:
Poti mwatchula Gule, Ogasiti anthu akolola, ndi nyengo ya zinamwali ndi ziliza, choncho m'misewu ya kumidzi ya Dedza mukhoza kukumana ndi zilombo zikuchoka kudambwe. Ana okulira kunja sadziwa chochita. Galimoto ichepetse liwiro kapena iime pambali, osaliza hutala. Mukakhala pansi, patukani, perekani njira. Ndalama yofupa imaponyedwa pansi, siiperekedwa m'manja. Osaloza chala, osaseka, osatulutsa foni nkuyamba kujambula popanda chilolezo cha omwe akuyenda nacho. Ndipo mwana asafuule kuti ndi munthu wavala chigoba, kumeneko nkulakwira mwambo kwakukulu pamaso pa eni mudzi. Muwauziretu ali m'galimoto musanachoke pa tala.

NaBanda, Area 25:
Achimwene akufunsa za Nkhotakota. Akuti ana anaphunzira za malonda a akapolo kusukulu ndipo akufuna akaone mtengo wa Livingstone. Tingaikemo?

aMwale, Area 49:
Malowo ndi ofunikadi. Ndi komwe kunali likulu la a Jumbe, amalonda Achiswahili omwe anakhazikika kumeneko cha m'ma 1840, ndipo akapolo ankawolotsedwa nyanja pa zombo kuchokera pamenepo ulendo wa ku Kilwa. Mkuyu womwe David Livingstone anakumana ndi Jumbe mu 1863 uli m'dera la mishoni ya Anglican, pafupi ndi chipatala cha St Anne's, ndipo pa tchalitchi cha All Saints pali manda a Bishopu Chauncy Maples yemwe anamira panyanja mu 1895. Kwa mwana wa zaka 15 ndi phunziro lalikulu.

Koma werengani msewu. Kuchoka pa Salima ndi makilomita oposa 100 kupita kokha, ndipo M5 mbali imeneyo ndi yopapatiza, m'mbali modyeka. Kupita ndi kubwerera, kuphatikiza kuona malo, ndi tsiku lathunthu, kenako muyendenso makilomita pafupifupi 100 kukafika ku Lilongwe, mawa lake ndege. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Tayala likaphulika kawiri kapena mafuta akasowa ku Nkhotakota, matikiti asanu a ndege apita.

aGama, Area 23:
Njira ilipo ngati akufunitsitsa, koma ndi yogawana. Pikapu inyamuke pa Senga Bay 5 koloko m'mawa ndi achimwene, mwana wamkulu ndi woyendetsa wina wosinthana naye, thanki ili yodzaza kuyambira dzulo lake. Akhale atanyamuka ku Nkhotakota pofika 11 koloko, zivute zitani. Otsalawo asewere kunyanja, nonse mukumane pa Salima cha m'ma 2. Sienta ili ndi mipando 7, ndiye otsala 6 akwanamo, koma katundu alowe mu pikapu usiku wake. Ine ndikanakonda Nkhotakota adzaipatse ulendo wake wokagona konko, koma ngati sabweranso posachedwa, chitani chomwecho.

NaJere, Biwi:
Tibwerere ku ukwati pang'ono, chifukwa alamu ndi ana mwina perekaniperekani sanamuonepo. Madyerero athu ndi maola anayi kapena asanu, ndipo mbali yaikulu ndi yovina nkumafupa. MC amaitana magulu: akuchikazi, akuchimuna, amalume, azakhali, anzawo a kuntchito, a kumpingo, ndipo akadziwa kuti pali ochoka ku Joni adzawaitana paokha. Nkhoswe amadzuka pafupifupi ulendo uliwonse. Yemwe sakudziwa amaponya zonse pa nyimbo ziwiri zoyamba, nkukhala pansi nthawi ya keke ndi maapozi manja ali m'thumba.

Agawiretu. Tinene kuti aika K100,000 ya tsikulo: theka likhale la ulendo wa amalume ndi wa keke, m'ma K2,000 ndi K5,000, theka linalo lisinthidwe m'ma K200, K500 ndi K1,000 la maulendo ena onse. Mwana aliyense apatsidwe kamtolo kake ka ma K100 ndi K200 kuti azidzuka nawo. Kusintha kuchitike kubanki Lachitatu kapena Lachinayi. Patebulo la makashiya amasinthanso, koma zing'onozing'ono zimayamba kupezeka pokhapokha maulendo angapo atadutsa. Ma rand asinthe kubanki kapena kubyuro yovomerezeka, osati kwa anyamata a pamsewu. Mphatso yaikulu isaponyedwe m'dengu, iperekedwe mu envelopu yolembedwa dzina kwa makashiya kapena kwa eni ake Lamulungu. Ndalama aziponya m'lichero kapena m'dengu lomwe akwati agwira, osati pansi pomwe anthu akupondaponda.

Ana adyetsedwe mokwanira pakati pa tchalitchi ndi madyerero. Nthawi imeneyo akwati amapita kokajambulitsa, pulogalamu imachedwa, ndipo chakudya cha pamalopo chimatuluka mochedwa. Madzi akumwa a m'botolo akhale m'galimoto.

NaPhiri, Area 36:
Muwaphunzitsenso moni. Pa ukwati adzakumana ndi azigogo ndi azakhali ochoka kumudzi omwe sanawaonepo. “Muli bwanji agogo”, “ndili bwino kaya inu”, “zikomo”, kulandira chinthu ndi manja awiri, mtsikana kupinda maondo pang'ono popereka moni, osaitana wamkulu ndi dzina. Alamu atenge chitenje m'chikwama, chidzafunika kunyumba ya malangizo, kukhitchini komanso m'midzi ya ku Mphunzi.

NaMwale, Area 18:
Za umoyo sizinatchulidwe, ndipo kwa ana okulira ku Johannesburg ndiye nkhani yaikulu. Kumeneko kulibe malungo, choncho matupi awo alibe chitetezo chomwe ife tili nacho pang'ono. Makolo akaonane ndi dokotala asananyamuke kuti awapatse mankhwala oteteza, chifukwa amayambidwa ulendo usanayambe ndipo amapitirizidwa atabwerera. Ku Senga Bay funsani ngati bedi lililonse lili ndi neti yosabooka, mutengenso yanu imodzi yapadera. Dzuwa likangolowa avale zamanja aatali, adzole mankhwala othamangitsa udzudzu. Malungo saonekera tsiku lomwelo, amatenga sabata kapena kuposerapo, ndiye akhoza kuyamba atafika kale kwawo. Mwana akatentha thupi, auze dokotala kuti anali ku Malawi ndipo ayezedwe magazi tsiku lomwelo, osangomwa panado nkudikira.

Kunyanja asambe pamchenga poyera pomwe mafunde amamenya, osati m'mabango kapena pamadzi odikha, chifukwa nkhono za likodzo zimakhala m'malo oterowo. Akasamba, patapita miyezi iwiri akaonane ndi dokotala za praziquantel, mankhwala a likodzo. Mlingo wake umatengera kulemera kwa munthu, 40 mg pa kilogalamu iliyonse, ndipo kumwa mawa lake mutasamba sikuthandiza chifukwa tizilomboto timakhala tisanakule. Ogasiti ndi mwezi wa mwera. Nyanja ikakalipa musakwere boti, ndipo likakhala bata aliyense avale jekete yoyandamitsa, ya mwana ikhale ya saizi yake. Kumathiriro a mitsinje musayandikireko, kumakhala ng'ona ndi mvuu.

Mankhwala a agogo a BP kapena shuga akhale m'kachikwama ka m'manja, a masiku asanu ngakhale ulendo ndi wa atatu.

NaBanda, Area 25:
Ndalemba zonse. Funso lomaliza: agogo ndi a CCAP ndipo akulakalaka adzukulu akaone ku Nkhoma. Pali pomwe pangalowe?

aMbewe, Likuni:
Palipo, ndipo nkhani yake ikugwirizana ndi njira yanu. Amishoni a Dutch Reformed, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anayamba ntchito yawo ku Mvera mu 1889 m'dziko la Mfumu Chiwere. Ku Nkhoma anafikako mu 1896, m'dera la Mfumu Mazengera, ndipo pambuyo pake likulu linasamukira kumeneko. Ndiye Mvera muidutsa Lachitatu pobwerera, mukhoza kupatukirako ola limodzi ngati mwachoka kunyanja nthawi yabwino ndipo pikapu sinapite ku Nkhotakota.

Nkhoma ili makilomita pafupifupi 50 kuchoka m'tauni, mumapatuka pa Kamphata kumanzere mukamalowera ku Dedza, ndipo msewu wake ndi wa tala. Iikeni Lolemba m'mawa. Nyamukani ku Area 25 isanakwane 6 koloko kuti mudutse m'tauni mzere wa galimoto usanayambe, kapena mudzere ku bypass mukatulukire pa Bunda turn-off. Pofika 8 koloko muli pa mishoni. Kaoneni tchalitchi chakale, nyumba za njerwa zootcha za amishoni ndi chipatala chomwe chinayamba mu 1915, koma yambani mwakadziwitsa ku ofesi ya mpingo kuti ndinu alendo. Phiri la Nkhoma musakwere, limadya theka la tsiku. Muchokeko 10 koloko, ndipo mukatero Mphunzi ikhale ya masana, Chentcherere muisiye. Wokuonetsani wa ku Mphunzi mumuimbire Lamulungu madzulo kuti mufika cha m'ma 1, chifukwa m'mapirimo netiweki imadukaduka ndipo mukadalira kumuimbira muli pa Linthipe mukhoza osamupeza.